Pothamanga, makutu asiyeni apume

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsapo m'manja mwanga, nkhani ya lero ndi yaing'ono ngati njere ya therere, koma yandisowetsa mtendere teremu yonseyi. Ndikunena za timahedifoni tomwe ana athu akumatseka nato makutu akamathamanga.

Ndiyambe ndi kuulula kuti inenso ndinali m'gulu lomwelo. Adokotala atandiuza kuti BP yayamba kukwera, ndinayamba kuthamanga m'mamawa, kuchoka pa Songani kulowera cha ku Domasi n'kubwerera. Kuti njira ifupike ndinkaika nyimbo pafoni, mahedifoni m'makutu. Oyamba anakhala milungu itatu. Mbali yakumanzere inayamba kulira ngati wailesi yosowa siteshoni, kenako zii. Achiwiri anali ndi kabatani pawaya. Tsiku lina foni inayamba kudumpha nyimbo yokha, voliyumu kukwera n'kutsika ngati wina akuiseweretsa. Achitatu anali opanda waya, pakabokosi atalemba SPORT ndi zilembo zikuluzikulu. Awa anafika mwezi ndi theka, kenako mbali imodzi inakana kutchaja. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti timadontho tachitsulo tolandirira moto tachita dzimbiri lobiriwira.

Nditadandaula kwa anthu, mayankho anabwera atatu. Wina m'sitafurumu anati ndagula feki. Wina anaseka n'kuti mwina akundilodza. Yankho lachitatu linachokera kwa mwana wanga wakale amene pano ali pantchito ku Lilongwe: "Aphunzitsi, ingogulani odula osalowa madzi, vuto latha." Mwanayu ndimamukonda, koma yankho lake ndi lomwe ndikulimbana nalo lero. Vuto silinathe, ndipo silingathe ndi ndalama. Ine ndikuti pothamanga, makamaka pamsewu ndi pabwalo la sukulu, mahedifoni avulidwe basi.

Poyamba tione chimene chimapha tizipangizoti. Thukuta si madzi okha. Muli mchere, womwe uja timathira mu ndiwo, ndipo n'chifukwa chake malaya akuda akauma amachita mizere yoyera kumsana. Munthu wothamanga mu dzuwa la Okutobala amatha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola limodzi, ena kupitirira apo. Mbali ina ya thukutalo imatsetsereka m'mutu kudzera kuseri kwa makutu, n'kutsata waya mpaka pakabatani ndi pa kamaikolofoni. Madzi amchere amadutsitsa magetsi. Akalowa pakabatani amalumikiza tizitsulo tomwe sitiyenera kukhudzana, foni n'kumaganiza kuti mwadina. Ufiti womwe unkadumphitsa nyimbo zanga ndi umenewo.

Ife a kuno sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, chifukwa chitsanzo chili pakhomo pathu pompano. Nyanja ya Chilwa imalandira madzi kuchokera m'mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe, koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amachoka ndi dzuwa lokha, mchere n'kutsala. N'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere, ndipo kamcherekako kamawonjezeka nyanja ikamaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018. Hedifoni yanu ndi Chilwa wamng'ono. Thukuta limalowa, madzi amauma, mchere umatsala. Mawa mukathamanganso, mchere wina umawonjezekera pa wadzulo. Nyengo ya mvula ikafika, mpweya uli ndi chinyezi chambiri, mcherewo umayamwa chinyezicho n'kuyamba kudya timawaya takopa tomwe ndi topyapyala kuposa tsitsi. Mutha kuyanika hedifoni padzuwa tsiku lonse, mcherewo suchoka.

Tsopano tibwere ku mawu a pakabokosi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawu oti SPORT kapena WATERPROOF aliyense amene ali ndi makina osindikizira akhoza kulemba. Muyeso weniweni womwe mayiko anagwirizana umalembedwa ndi zilembo IP ndi nambala. IPX4 ikutanthauza kuti chinthucho chimapirira madzi ongowaza. IPX7 ikutanthauza kuti chikhoza kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Koma dziwani kuti poyesa amagwiritsa ntchito madzi wamba, osati madzi amchere, ndipo amayesa chinthu chili chatsopano, timalabala totseka mipata tisanalimbe ndi kung'aluka. Komanso amene wanama polemba SPORT sangachite manyazi kulembanso IPX7. Pamsika palibe amene angakuyesereni. Mumangomva nyimbo kwa mphindi imodzi, mwapereka ndalama, lisiti palibe.

Amene akuti odula ndiwo yankho amve izi. Mu 2009 kampani ya Apple inatulutsa kachipangizo koimba nyimbo kotchedwa iPod shuffle, kamtundu wachitatu, komwe mabatani ake osinthira nyimbo ndi voliyumu anali pawaya wa mahedifoni. Anthu ambiri anakagula kuti azithamanga nako. Posakhalitsa madandaulo anachuluka kuti thukuta likafika pamabataniwo, kachipangizoko kamasokonezeka. Mu 2010 kampaniyo inalengeza kuti isinthira anthu mahedifoniwo mwaulere. Ngati thukuta linagonjetsa kampani ya ndalama zochuluka chotero, kuli bwanji tija topachikidwa pamsomali pafupi ndi matochi ndi maloko?

Nkhani imeneyi ili ndi phunziro linanso. Anzathu aja anasinthiridwa chifukwa anadandaula, ndipo anali ndi umboni woti anagula. Kuno tili ndi bungwe loona miyeso ya katundu la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972. Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, tilinso ndi bungwe la CFTC lomwe limalandira madandaulo a ogula. Koma ndani mwa ife anafunsapo lisiti pogula mahedifoni? Timangoti ndi tsoka, n'kukagula ena. Chichokereni kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Ndalama yomwe mwana wa Fomu 2 akutaya pa mahedifoni katatu pateremu ndi ya makope, ndi ya sopo, ndi ya matemba omwe mayi ake anakhalira padzuwa tsiku lonse pamsika.

Komabe tiyerekeze kuti mwana wanga wa ku Lilongwe uja wanditumizira enieni, osalowa thukuta ngakhale dontho. Ndavomera, hedifoni yapulumuka. Nanga khutu?

Ngalande ya khutu inalengedwa yotseguka kuti mpweya uzilowa, chinyezi chiziuma. Mukaitseka ndi kalabala kwa ola lathunthu muli thukuta kamukamu, m'katimo mumatentha ndi kunyowa, khungu limafewa, ndipo tizilombo toyambitsa matenda timapeza malo abwino oswanirana. Chimayamba ndi kuyabwa. Mwana amatenga kamtengo ka machesi kapena chivindikiro cha bolopeni n'kumakanda, khungu n'kuchekeka, kenako kupweteka ndi mafinya. Onjezani chizolowezi chobwerekana, hedifoni imodzi kuyenda m'makutu a ana asanu osapukutidwa. Kalabalako kamakankhiranso phula la m'khutu m'kati m'malo moti lituluke lokha. Ndipo taonani chodabwitsa: hedifoni ikakhala yotseka bwino kuti thukuta lisalowe mwa iyo, nthawi zambiri imatsekanso khutu mothina kwambiri. Chomwe mwagula kuti chiteteze chipangizo ndi chomwecho chikusunga chinyezi m'thupi mwanu.

Palinso phokoso. Munthu akamathamanga amamva kupuma kwake, mapazi ake, mphepo ndi galimoto, ndiye amakweza voliyumu kuti nyimbo ipose zonsezo. Mu 2015 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha kamvedwe kosayenera ka nyimbo. Malire omwe bungweli limapereka kwa munthu wamkulu ndi madesibelo 80 kwa maola 40 pasabata. Phokoso likafika madesibelo 90, nthawi yotetezeka imatsika kufika maola 4 okha pasabata. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, momwe muli timaselo tomwe timalandira mawu. Timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Hedifoni ikafa mumapita pamsika. Khutu likafa mupita pamsika uti? Ife aphunzitsi timadziwa mwana amene amangoti "mwati bwanji?" kawirikawiri, ndipo timathamangira kumutchula wamwano kapena wogona m'kalasi.

Koma chimene chinandivulitsa mahedifoni anga si sayansi. Linali tsiku Lachitatu masana, tikukonzekera mpikisano wothamanga mtunda wautali. Ana anali kutsogolo, ine pambuyo panjinga yakapalasa. Titayandikira msewu wa M3, kabaza wa njinga yamoto anatulukira pakona ali pa liwiro, atanyamula matumba. Analiza hutala. Ana onse anapatuka kupatula mnyamata mmodzi wa Fomu 3. Ndinakuwa dzina lake mpaka mawu kusasa, iye osatembenuka. Wakabazayo anakhotetsa njinga mwamphamvu, thumba n'kumukhudza mnyamatayo paphewa, iye n'kugwera mu ngalande. Anangosupuka bondo ndi chigongono. Nditamudzutsa ndinaona kawaya kakutuluka m'kolala ya malaya, nyimbo ikulirabe. Usiku umenewo sindinagone. Ndinkangoganiza mawu omwe ndikanakawauza makolo ake zikanakhala kuti zinapitirira apo. Ndinkaganizanso kuti m'mawa wa tsiku lomwelo ine mwini ndinathamanga m'mbali mwa msewu womwewo makutu ali otseka.

Msewu wa pa Songani mukuudziwa. Maminibasi a ku Liwonde ndi ku Mangochi, malole, njinga zamoto, njinga zakapalasa zonyamula makala, tsiku la msika anthu pikitipikiti. Woyenda pansi alibe njira yakeyake. Zomwe zili kumbuyo kwanu maso saziona, amakuuzani ndi makutu. Mukawatseka mwachotsa mlonda pachipata.

Ena anena kuti nyimbo imapatsa mphamvu. Ndi zoona, ndipo sinditsutsa. Nyimbo imagwirizanitsa mapazi ndipo imaiwalitsa kutopa. Katswiri wa ku Ethiopia Haile Gebrselassie, pomwe ankaswa rekodi ya dziko lonse ya mamita 2,000 m'bwalo lofoleredwa ku Birmingham mu 1998, anathamanga motsatira kugunda kwa nyimbo. Koma nyimboyo inkalira pa zokuzira mawu za m'bwalo, makutu ake ali otseguka. Malamulo a bungwe la World Athletics salola wopikisana kukhala ndi foni kapena choimbira nyimbo m'malo ochitira mpikisano. Ndiye mwana amene tikumukonzekeretsa mpikisano tikumuzoloweza bwanji chinthu chomwe tsiku la mpikisano adzamuvula?

Kuwonjezera apo, kodi ife nyimbo tinayamba kuidziwa chifukwa cha mahedifoni? Amene munagonapo mu Zomba munamvapo asilikali akuthamanga mbandakucha, mmodzi akutsogolera nyimbo, ena onse akuvomera, mapazi akugunda pamodzi. Ifenso tili ana asukulu tinkathamanga chimodzimodzi. Wofooka ankakokedwa ndi mawu a anzake, ndipo wina akagwa, gulu lonse linkadziwa nthawi yomweyo. Nyimbo imeneyo siichita dzimbiri, siifuna kutchaja, ndipo thukuta likachuluka m'pamene imakoma. Lero ndikuona ana 30 akuthamanga limodzi, aliyense ali yekhayekha m'mutu mwake.

Tsopano kwa inu aphunzitsi anzanga, chifukwa nanunso sindikusiyani. Njira yathu yachidule ndi kulanda. Timatsekera mahedifoni mu kabati ya ahedi, mwana n'kukagula ena Loweruka, n'kuphunzira kubisa waya m'kati mwa malaya. Palibe chomwe waphunzira kupatula kutizemba. Chonsecho nkhaniyi ili kale mu silabasi yathu. Tengani mabatire a tochi, kababu ka LED, misomali iwiri ndi kapu ya madzi a mvula. Aonetseni kuti kababuko sikayaka, kapena kangoti phethiphethi. Thirani mchere, aone kuwala. Ikani msomali wina m'madzi amchere, wina m'madzi wamba, muone pakatha sabata kuti wachita dzimbiri kwambiri ndi uti. Wa Biology ajambule khutu pabolodi, wa Geography afotokoze za Chilwa, wa Masamu awerengetse ndalama zomwe kalasi yonse yataya pa mahedifoni chaka chino. Mwana amene waona ndi maso ake safuna kumulondalonda. Ndipo ife eni tiyambe kuvula, chifukwa mwana samva zomwe mphunzitsi akunena, amaona zomwe akuchita.

Kwa inu ana anga akale amene mumalimbitsa thupi m'nyumba kapena m'majimu a m'tauni, komwe kulibe galimoto, sindikuletsani. Koma voliyumu isapitirire pakati. Mukamaliza pukutani mahedifoni ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi oyera kuti mchere uchoke, kenako ndi kouma. Opanda waya musawabwezere m'kabokosi kotchajira ali onyowa. Musabwerekane. Khutu likayamba kuyabwa, kutuluka mafinya kapena kulira lokha, pitani kuchipatala, osati kwa kamtengo ka machesi. Ndipo pogula funsani lisiti, ngakhale wogulitsayo akusekeni.

Mnyamata uja bondo linapola. Sabata yatha ndi iye amene ankatsogolera nyimbo tikubwerera kusukulu, mawu ake oipa ngati a khwangwala, koma gulu lonse linkavomera. Ine ndimathamangabe m'mamawa. Ndimamva atambala, ndimamva belu la njinga likadali kutali, ndimamvanso amayi opita kumunda akundipatsa moni, omwe kale ankayesa kuti ndine wonyada.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukwiya nane, makamaka amene mwangogula kumene odula. Kwiyani ndithu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndikufuna kuti khutu lomwe ndikutsinalo lidzakhale likumvabe mukadzafika msinkhu wanga.

Ndatha ine mphunzitsi wanu wa pa Songani.