Nyanja ya Chilwa Isunga Zonse Zimene Anthu Aitumizira

Anthu a m'dera la Mfumu Jenala, m'boma la Phalombe, akhala m'chigwa chimene madzi ake onse atsikira ku Nyanja ya Chilwa. Nsomba za ndiwo, mpunga wa m'madambo, bango la mphasa ndi msipu wa ng'ombe, zonsezi zichokera ku nyanjayi ndi madambo ake. Chifukwa chake nkhani ya kusamala gombe la Chilwa siri nkhani ya akatswiri okha ai, koma ndi nkhani ya mphika wa banja liri lonse la kumeneko.

Pali chinthu chimodzi chimene munthu ali yense ayenera kudziwa za nyanjayi. Nyanja ya Malawi iri ndi khomo lotulukira madzi, ndilo mtsinje wa Shire. Koma Chilwa alibe khomo lotere. Mitsinje ya Phalombe, Namadzi, Thondwe, Likangala ndi Domasi ithira madzi ake m'menemo, ndipo madziwo satuluka koma auma ndi dzuwa. Tsono chiri chonse chimene mitsinje yanyamula, kaya ndi dothi la m'minda, kaya ndi zonyansa za m'tauni, chikafika chikhala komweko. Ndiponso nyanjayi njosaya, kotero kuti matope ochepa okha akwanira kuisandutsa dambo.

Mbiri ichitira umboni. Nyanjayi inauma m'chaka cha 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anaphwa kwambiri mpaka ngalawa zinatsala pa matope ong'aluka. Nzoona kuti chiyambi cha tsokali chinali kuchepa kwa mvula, ndipo akuluakulu akumbukira kuti madzi amabwerera. Koma chimene chibweza matemba, makumba ndi mlamba ndicho maiwe a m'mitsinje ndi madambo a njedza, kumene nsomba zibisala pa nthawi ya chilala. Malo amenewa akaonongeka, madzi angathe kubwera koma nsomba osabwera nawo.

Bvuto lalikulu lichokera kumtunda. Mzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko lino kufikira 1975, wakulabe ndi anthu a m'masukulu ndi a malonda, ndipo mtsinje wa Likangala udutsa momwemo usanafike ku nyanja. Phalombe nayenso, chikhalire boma pa yekha mu 1998, wakula, pamodzi ndi misika yonga Migowi. Kukula kwa matauni nkwabwino, ndipo palibe munthu wanzeru amene angakane chitukuko. Koma nyumba iri yonse ya njerwa zootcha idya mitengo, thumba liri lonse la makala lichokera ku phiri, ndipo mchenga womangira ukumbidwa m'mphepete mwa mtsinje. Mwini nyumba ku tauni saona kumene dothi lapita. Amene aliona ndi msodzi ndi mlimi wa mpunga kunsi kwa chigwa.

Anthu a Phalombe adziwa bwino mphamvu ya madzi otsika m'phiri. M'mwezi wa March 1991 napolo wochokera ku phiri la Michesi anapha anthu ambiri, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi, minda ndi milatho. Madzi onsewo, ndi miyala ndi matope ake, analowera m'chigwa chomwecho. Phiri ndi nyanja ndi thupi limodzi. Mutu ukadwala, mapazi nawo adziwa.

Nanga za alendo oona malo? Chilwa ali ndi zokopa zake. David Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859. Mbalame za m'madzi za mitundumitundu, zina zochokera kutali ku maiko a kumpoto, zitera m'madambo ake, ndipo nchifukwa chake mu 1997 nyanjayi inalembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo osamalidwa mwapadera. Alendo amene akwera phiri la Mulanje kapena la Zomba angathe kutsikiranso ku nyanja, kukaona chilumba cha Chisi, ndi kusiya ndarama m'manja mwa opalasa ngalawa ndi amai a malonda. Koma phunziro liripo kale ku Mangochi ndi ku Salima, kumene mbali zina za gombe zinatchingidwa ndi mipanda ya mahotela ndi nyumba zopumulirako, asodzi ndi amai otunga madzi nasowa polowera. Chilwa asatsate njira imeneyo. Mlendo abwera kudzaona mbalame ndi madambo. Wodula bango kuti amange nyumba ya alendo aononga chomwe mlendoyo wadzera.

Boma lachita mbali yake poika malamulo. Lamulo la zausodzi la 1997 linapatsa anthu a m'midzi mphamvu yoyang'anira madoko ao kudzera m'makomiti, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 lifuna kuti nchito yaikulu iri yonse iyambe yaunikidwa bwino isanamangidwe. Kuyambira mu 2010 akatswiri a ku Chancellor College ndi anzao, mothandizidwa ndi dziko la Norway, anagwira nchito ndi anthu a m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe pa kubzala mitengo ndi kuyanika nsomba popanda nkhuni. Komatu lamulo liri pa pepala silitseka mtsinje, ndipo chithandizo cha kunja chiri ndi tsiku lake lotha.

Zofunika tsopano nzodziwika. Makhonsolo a Zomba ndi Phalombe aonetsetse kuti zonyansa sizitayidwa m'mitsinje, ndiponso kuti palibe wopatsidwa malo omangapo m'dambo. Mafumu, amene ali eni ake a kugawa minda, akane kugawa malo a m'mphepete mwa mtsinje, ngakhale wopemphayo ali mbale wao. Asodzi alemekeze nyengo yotseka nyanja, ndipo aleke kukokera nsomba ndi maukonde a udzudzu amene asesa ndi tiana tomwe. Osaka mbalame asiye malo oswerana. Ndipo munthu wa ndarama wofuna kumanga malo a alendo ayambe wakhala pansi ndi eni mudzi, nasiye njira ya ku madzi yotsegula.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Mvula iri m'manja mwa Mulungu, koma mitengo, madambo ndi mitsinje ziri m'manja mwa anthu. Ana a kwa Jenala adzalandira nyanja yomwe a ku Zomba, a ku Migowi ndi makolo ao omwe akuitumizira lero lino.