Kuletsa Kokha Sikupulumutsa Mwana M'madzi

Pali lamulo limene ambirife tinakula nalo: "Usapite kumtsinje." Makolo athu amalinena chifukwa cha chikondi, ndipo akaona mwana wabwera ndi kabudula wonyowa, mkwapulo sukhala patali. Koma tonse tikudziwa zimene zimachitika dzuwa la Okutobala likakwera pamutu. Ana amapita ndithu, mobisa, popanda wamkulu wowayang'anira. Ndipo mmodzi akamira, anzake amathawa n'kukhala chete, poopa kukwapulidwa, pa mphindi zomwezo zimene akanakuwa kuti anthu athamangire.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka 5. Mu 2021 momwemo bungwe la United Nations linakhazikitsa 25 Julayi kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa imfa zoterezi. Ife tili ndi Nyanja ya Malawi, Malombe, Chilwa, Chiuta ndi mtsinje wa Shire, koma madzi amene amatenga ana ambiri si otchuka chotero. Ndi dziwe la kudambo, chitsime chosavundikira, dzenje limene oumba njerwa anasiya mvula n'kulidzaza, ngakhale ndowa ya madzi imene mayi waisiya pakhonde.

Tsono ife tikuti makolo athandizidwe kuphunzitsa ana kusambira. Tikuti "athandizidwe" chifukwa makolo ambiri a kumtunda nawonso sadziwa kusambira, makamaka amayi, amene paubwana wawo ankauzidwa kuti kumtsinje n'kochapa ndi kutunga, kusambira n'kwa anyamata. Munthu sangaphunzitse chimene iye mwini amachiopa. Apa ndi pamene achinyamata odziwa bwino madzi angagwire ntchito, pakuti paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ena mwa akuluakulu adzati: kuphunzitsa mwana kusambira n'kumukankhira kumadzi, chifukwa akadziwa pang'ono adzadzimva katswiri n'kupita pakuya. Mantha amenewa sitiwanyoza, ali ndi nzeru yake. Koma taonani zimene zinachitika ku Bangladesh, dziko la maiwe ndi mitsinje yambiri kumene kumira kunkapha ana ochuluka. Kumeneko, pa pulogalamu yotchedwa SwimSafe, anthu amamanga mpanda ndi nsanja ya nsungwi m'dziwe la m'mudzi kuti madzi akhale osazama, ndipo aphunzitsi ake ndi anthu a m'mudzi momwemo. Mwana amapambana akatha kusambira mamita 25, kuyandama masekondi 30, ndi kupulumutsa mnzake iye ali pamtunda. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2012 anasonyeza kuti pakati pa ana amene anaphunzira, imfa za kumira zinachepa ndi 90 pa 100 alionse, n'kupitirirapo. Panalibe dziwe la simenti la kuhotela. Panali nsungwi, dongosolo ndi anthu odzipereka, ndipo nsungwi nafenso tili nazo.

Mawu akuti dongosolo tiwatsindike. Kuponya mwana pakuya kuti "aphunzire yekha", monga ena amachitira, si kuphunzitsa ayi. Ndi nkhanza, ndipo mwana wopulumuka pamenepo amaopa madzi moyo wake wonse. Malangizo a WHO a 2021 amati maphunziro osambira akhale a ana a zaka 6 kupita m'tsogolo, pamalo okonzedwa, ndi aphunzitsi ophunzitsidwa. Malowo akhale a madzi odekha, osapitirira pachifuwa pa mwana, odziwika pansi pake, ndiponso kumene eni dera atsimikiza kuti kulibe ng'ona kapena mvuu. Madzi oima a bango ndi udzu amasunga nkhono zofalitsa likodzo, choncho alangizi a zaumoyo afunsidwe malo asanasankhidwe. Ana akhale ochepa kwa mphunzitsi mmodzi, kholo likhale pomwepo, ndipo atsikana aphunzire limodzi ndi alongo awo, pali amayi kapena atsikana aakulu owayang'anira.

Phunziro loyamba si kuthamanga m'madzi. Mwana ayambe wazolowera kumiza nkhope ndi kutulutsa mpweya, kenaka aphunzire kugona chagada pamadzi, manja atatambasula, akupuma modekha. Mwana amene amatha kuyandama chotero amapereka nthawi kwa omupulumutsa. Tizikumbukiranso kuti munthu akamamira nthawi zambiri sakuwa. Kukamwa kumangotuluka ndi kulowa m'madzi, ndipo woonera chapatali angaganize kuti akusewera.

Kwa inu anyamata olimba mtima, mawu awa ndi anu: womira amagwira chilichonse ndi mphamvu yodabwitsa, ndipo maliro ambiri amakhala awiri chifukwa wina analumphira kukathandiza. Muponyereni chingwe, chigubu chopanda kanthu chotsekedwa bwino, kapena mumutambasulire nsungwi inu mutagona pagombe. Akatuluka ali wosapuma, musataye nthawi pomukanikiza pamimba kapena pomuzondotsa kuti asanze madzi. Chimene akusowa ndi mpweya: muuzireni mpweya m'kamwa, mutindikize pachifuwa, wina athamangire thandizo, ndipo ngakhale atsitsimuke apite kuchipatala. Luso limeneli limafuna kuphunzitsidwa ndi manja, ndipo a Red Cross amaphunzitsa chithandizo choyamba. Gulu lathu likhoza kuwapempha.

Kwa tiana tosakwana zaka 6, mankhwala ndi diso la munthu wamkulu, chivundikiro pachitsime ndi ndowa yokhuthula. Kusiya khanda m'manja mwa mwana wa zaka 8 pamene mayi wapita kumunda, m'mbali mwa nyumba muli dzenje la njerwa, n'kusenzetsa mwana katundu woposa msinkhu wake.

Sitikunena kuti wodziwa kusambira wagonjetsa madzi. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, madzi ndi matope zinakokolola anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, ndipo pamenepo ngakhale msodzi wa ku Mangochi sakanalimba. Mtsinje wosefukira suwolokedwa, bwato lodzaza mopitirira silikweredwa, ndipo mwera ukawomba panyanja timakhala kumtunda. Zimenezinso ndi mbali ya phunziro, ndipo mwana amazimva bwino kuchokera kwa amene anamugwira dzanja m'madzi kusiyana ndi amene anangomuopseza.

Magulu athu a achinyamata amakonda maulendo a ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear. Timawerengera ndalama za minibasi, mpunga ndi zakumwa mpaka tambala yomaliza. Pokonza ulendo wotsatira, alembi awonjezere mafunso awiri pa mndandanda wa maina: ndani mwa ife amadziwa kusambira, ndipo ndani adzaima pagombe ndi chingwe, osalowa m'madzi, kuwerenga mitu mpaka womaliza atatuluka.