Lekichala akalema, wolira ndi kholo la kwa Nthache

Chaka chilichonse bungwe la National Council for Higher Education likatulutsa maina a ophunzira amene asankhidwa kupita kumayunivesite a boma, m'midzi ina mumamveka nthungululu. M'dera la Mfumu Nthache m'boma la Mwanza, kumene mabanja ambiri amayang'ana kumitengo ya manachesi ndi kamunda ka nandolo kuti apeze ya fizi, dzina limodzi pamndandandawo imakhala nkhani ya mudzi wonse. Mbuzi imagulitsidwa, amalume a ku Joni amaimbiridwa foni, mayi amakakongola kubanki m'khonde, kenaka mwana amakwera minibasi yodzera pa Zalewa kulowera ku Blantyre, kapena kupitirira mpaka ku Zomba.

Chimene makolowa amakhala agula ndi nsembe zonsezi si nyumba zosanja za pasukulupo ayi. Agula nthawi ndi nzeru za munthu amene mwina sadzamuona n'komwe, mphunzitsi wa payunivesite, uja ophunzira amati lekichala. Tsono munthu ameneyu masiku ano ngolema, ndipo kulema kwake si nkhani ya iye yekha ndi banja lake.

Anthu ambiri akamva zoti lekichala akudandaula ndi ntchito amangoseka. Amati adandaula bwanji munthu wokhala pamthunzi, wogwira choko ndi kompyuta, pamene mnzake akulimbana ndi khasu pa dzuwa la mu Okutobala? Maganizowa ngomveka, koma amaphonya pamene pagona vuto. Kuima kutsogolo kwa kalasi ndi kagawo kochepa chabe ka ntchito yake. Asadalowe m'kalasimo amayenera kukonzekera, akatuluka amayenera kukonza mayeso ndi kuchonga, kuyang'anira kafukufuku wa ophunzira a chaka chomaliza mmodzimmodzi, kukhala pamisonkhano ya dipatimenti yosatherapo, ndipo amene amasula aphunzitsi amayendanso m'sukulu za sekondale kukaona momwe ophunzira awo akuphunzitsira. Pamwamba pa zonsezi, sangakwezedwe paudindo ngati sadachite kafukufuku wakewake n'kumusindikiza m'magazini a akatswiri. Ntchito imene imamudyera tsiku lonse si imene imamukweza, ndipo imene imamukweza amaigwira usiku ana atagona.

Masamu ake ngosavuta. Kalasi ikakhala ya ophunzira 300, ndipo pepala lililonse la mayeso n'kumatenga mphindi 15 kuti lichongedwe mwachilungamo, ndiye kuti pafunika maola 75. Lamulo la zantchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati munthu asapitirire maola 48 pasabata. Apa ndiye kuti kuchonga kalasi imodzi yokha, mayeso amodzi okha, kwadya sabata ndi theka. Komatu lekichala sakhala ndi kalasi imodzi, ndipo akuluakulu a sukulu amafuna zotsatira pa tsiku limene adaika.

Zidafika bwanji pamenepa? Yunivesite ya Malawi idatsegulidwa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90 okha. Masiku amenewo mphunzitsi ankadziwa wophunzira aliyense ndi dzina, mwinanso ndi kwawo komwe. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidayambitsa maphunziro aulere a kupulaimale, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana amenewo adakula, ndipo m'zaka za m'ma 2000 adayamba kugogoda pakhomo la yunivesite. Khomo lidatsegulidwa. Kudabwera ophunzira oyendera odzilipirira okha, kudabwera makalasi a Loweruka ndi Lamulungu, kudabweranso maphunziro a patali. Yunivesite ya Mzuzu idayamba kuphunzitsa mu 1999, Bunda idaima payokha n'kukhala Luanar mu 2012, Must idatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic idasanduka Mubas pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala Kuhes.

Palibe munthu wanzeru amene angadane ndi kukula kumeneku. Popanda kutero, mwana wa kwa Nthache bwenzi akungoimva m'wailesi yunivesite. Vuto n'lakuti kuonjezera ophunzira kumatheka ndi cholembera tsiku limodzi, pamene kusula lekichala mmodzi wa digiri ya udokotala kumatenga zaka zambirimbiri. Ndiponso iye akapita kunja kukaphunzira, makalasi ake satsekedwa, amagawidwa kwa anzake otsala. Yunivesite yatsopano ikatsegulidwa, aphunzitsi ake ambiri sagwa kumwamba, amachokera m'mayunivesite akale omwewo.

Munthu akapanikizika amafuna njira zachidule, ndipo lekichala naye ndi munthu. M'malo mwa mafunso ofuna wophunzira afotokoze maganizo ake m'masamba atatu, amapereka mafunso ongosankha yankho. M'malo mwa ntchito ya aliyense payekha, amapereka ntchito ya pagulu, ndipo aliyense amene adakhalapo pagulu lotere akudziwa kuti amalemba ndi awiri, ena onse amangoikapo maina. Pepala limabwerera kwa mwini lili ndi malikisi okha, popanda mawu ofotokoza pamene walakwitsa. Wa chaka chomaliza amazungulira pakhomo la ofesi sabata ndi sabata, kafukufuku wake ali m'manja, osampeza womuyang'anira.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikumukhudzira kholo la ku Mwanza. Mwana wochokera kubanja lopeza bwino, amene adaphunzira kusukulu yapamwamba, ali ndi laputopu yake ndi ndalama ya intaneti, akhoza kudziphunzitsa yekha zimene lekichala wadumpha. Koma amene wachokera kusekondale yoyendera ya kumudzi, yopanda labotale ndi laibulale, amene Chingerezi cha m'kalasi yayikulu chikumupita pambali miyezi yoyambirira, ndiye amafunitsitsa mphunzitsi woti akhale naye pansi mphindi khumi. Mphindi khumi zimenezo ndi zimene zimayamba kusowa mphunzitsi akalema. Mwana uja akalephera n'kuchotsedwa sukulu, kumudzi amati adatayirira ndi za m'tauni. Mbuzi ija idapita, ngongole ya kubanki m'khonde ikadalipo.

Thupi la mphunzitsiyo nalo limalipira. Kusowa tulo, mutu wosatha, kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, kuthamanga kwa magazi, ndipo ena amathawira kubotolo. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organisation lidavomereza kuti kutheratu mphamvu chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali pantchito ndi vuto lenileni lochokera kuntchito. Lidatchula zizindikiro zake kuti ndi kutopa kosatha, kuipidwa ndi ntchito imene munthu ankaikonda, ndi kulephera kuigwira bwino monga kale. Chizindikiro chachiwirichi n'choopsa kwa mphunzitsi, chifukwa amene waipidwa ndi ntchito amayamba kuona ophunzira ngati adani.

Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu wophunzira ndiye amachita manyazi kwambiri kupempha thandizo. Adakula akumva kuti mwamuna salira. Akudziwanso kuti akangooneka pachipatala cha Zomba Mental kapena kwa alangizi a St John of God, mawa mbiri imveka yoti mabuku amuzunguza mutu. Choncho amangopirira mpaka tsiku limene adzagwe. Amayi ophunzitsa m'mayunivesite ndiye katundu wawo ngowirikiza, pakuti akaweruka amakapeza ntchito ina ikuwadikira kunyumba, ndipo kumaliro kapena kuchinkhoswe digiri siimuchotsa munthu pamoto. Tsono lekichala wochokera kumudzi amakhalanso nkhokwe ya mtundu wonse: fizi ya ana a achemwali, feteleza wa agogo, bokosi la maliro, zonse zimayang'ana iye.

Ndalama nayo yathawa. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mabuku, zipangizo za kafukufuku ndi malipiro amene magazini ena amafuna kuti asindikize ntchito ya katswiri, zonsezi mitengo yake ili m'madola. Pofuna kutseka dzenje, lekichala amasaka maganyu: kuphunzitsa kuyunivesite yomwe si yaboma madzulo, kulembera mabungwe malipoti, kupita kumisonkhano ya kunyanja kumene kuli maalawansi.

Pamenepa aphunzitsiwo asayembekezere kuwomberedwa m'manja. Alipo amene amalira kuti ntchito yawachulukira pamene masiku atatu pasabata ali kuganyu, makalasi awo atasiyira mphunzitsi wamng'ono amene sangakane poopa tsogolo lake. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Munthu amene walandira malipiro a mwezi wathunthu kuchokera kumisonkho ya anthu ayenera kupezeka muofesi pa nthawi imene adalemba pachitseko. Katundu wa m'dipatimenti sagawidwa mofanana, ndipo kawirikawiri wosenza kwambiri amakhala wamng'ono amene malipiro ake ngochepa ndipo mawu ake samveka. Mabungwe a aphunzitsi amene amadziwa kukweza mawu pa nkhani ya malipiro ayenera kukwezanso mawu pa zimenezi.

Njira imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito zinthu zikafika pakhosi ndiyo kunyanyala. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi pa nthawiyo, Peter Mukhito, adaitanitsa Dr Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, ndipo aphunzitsi a ku Chancellor College adaleka kuphunzitsa pafupifupi miyezi 8 pomenyera ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Nkhondo imeneyo idali yoyenera. Mu 2017 sukulu yomweyo idakhalanso yotseka miyezi ingapo pa mkangano wa kusiyana kwa malipiro ndi anzawo a ku College of Medicine. Mu Malichi 2020 mliri wa Covid-19 udatseka sukulu zonse. Zifukwa zidali zosiyana, koma mapeto ake amafanana: sukulu ikatsegulidwa, akuluakulu amafuna kubweza nthawi yotayika, semesita imapanikizidwa, holide imafupikitsidwa, ndipo mphunzitsi amayamba kalasi yatsopano mapepala a kalasi yakale asadathe kuchonga. Digiri ya zaka zinayi imatenga zisanu, ndipo kholo la kwa Nthache limalipira lendi ndi chakudya cha mwana chaka china chimene silidachiwerengere.

Malangizo amene amaperekedwa kwa munthu wopanikizika ngodziwika: agone mokwanira, ayendeko wapansi, achepetse mowa, akayezetse magazi, aphunzire kukana ntchito zina, akambe ndi mnzake kapena mbusa zimene zikumusautsa. Onsewa ngabwino ndipo lekichala aliyense awatsate. Koma kuuza munthu amene ali ndi mapepala 900 patebulo kuti apumeko ndi chipongwe. Kupuma kwake sikuchotsa pepala ndi limodzi lomwe.

Chofunika n'chakuti khonsolo ya yunivesite iliyonse ikhale ndi muyezo wolembedwa, wodziwika kwa onse, wonena maola amene mphunzitsi mmodzi angaphunzitse pasabata ndi chiwerengero cha ophunzira amene angawayang'anire pa kafukufuku. Pamene muyezo wotere ulipo kale, utuluke m'kabati n'kuyamba kugwira ntchito, ndipo maganyu akunja awerengedwe momwemo poyera. Ophunzira a digiri yachiwiri akhoza kulembedwa kuti azithandiza kuchonga ndi kuphunzitsa timagulu ting'onoting'ono, monga amachitira m'mayunivesite ambiri kunja, ndipo mwa iwo ndi momwe mungatuluke malekichala a mawa. Tchuthi cha pachaka, chimene lamulo lija limapereka kwa wantchito aliyense, chizitengedwa ndithu, osati kumangounjikana m'mafailo. Alangizi amene amathandiza ophunzira pa nkhawa zawo akhalenso ndi khomo lina, lachinsinsi, lolowera aphunzitsi.

Koma zonsezi n'zochepetsa ululu chabe ngati boma silipereka ndalama zolembera aphunzitsi ena. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu 2021, amadalira anthu aluso kuti dziko litukuke, ndipo anthu alusowo sadzisula okha. Mu 2025 boma lidalengeza kuti maphunziro m'sukulu zake za sekondale akhala aulere kuyambira mu Januwale 2026. Zimene zidachitika pambuyo pa 1994 zichitikanso: pakatha zaka zochepa, khamu lalikulu kuposa lakale lidzafika pakhomo la yunivesite, ndipo ena mwa iwo adzakhala ana a kwa Nthache, kwa Kanduku ndi kwa Govati amene kale akadalekezera panjira posowa fizi.

Aphungu a ku Mwanza, pamodzi ndi anzawo a m'maboma ena, amakonda kufunsa kuti ana angati a kwawo asankhidwa chaka chino. Pokambirana ndondomeko ya zachuma ikubwerayi afunsenso nduna ya zamaphunziro kuti yunivesite iliyonse ya boma ili ndi aphunzitsi angati, mipando ingati ili yopanda anthu, ndipo ndalama zodzazira mipandoyo zili pa tsamba liti.