Majumbo akutidyera ndalama pa Kandeu

Tsiku la msika pa Kandeu munthu amagula tomato ndi usipa, kenaka n'kutulutsanso ndalama ya jumbo. Pofika kunyumba jumboyo yabooka kale. Sabata yamawa agulanso ina.

Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015 ndipo khoti la Supreme lidavomereza chiletsocho mu 2019, koma makampani ena adapitiriza kukokakoka nkhaniyi m'makhoti. Ife tikuti pakhomo pathu tisadikire maloya. Majumbo otayidwa amathera m'mimba mwa mbuzi zathu zomwe. Kafunseni opha mbuzi zimene amapeza akang'amba chifu.

Amayi athu ankapita kumsika ndi dengu, ena ankangomanga katundu pachitenje, ndipo ndiwo zinkafika bwinobwino. Abambo, nanunso kukoleka chikwama panjinga si manyazi. Pajatu ndalama ya jumboyo ikadagula machesi.