Pulogalamu ya Fizi: Tilembe Kaye Pangano, Tilipire Pang'onopang'ono



Ganizo loti sukulu yathu ikhale ndi pulogalamu ya pakompyuta yosungira fizi ndi malikisi ndikulivomereza. Chomwe ndikukana ndi kupereka ndalama zonse kwa wolemba pulogalamuyo tsiku limodzi, n'kukhala pansi kudikira kuti adzabwere nayo yathayitha. Ndalamazi n'za makolo oyanika usipa ku Makawa ndi ku Malembo, ndipo m'manja mwathu ndi amana.

Mapulogalamu ambiri masiku ano amalembedwa m'njira yotchedwa object-oriented. Wolembayo amayamba wapanga chikombole, tinene cha "wophunzira": dzina, fomu, fizi imene walipira ndi imene yatsala. Mwana aliyense ndi njerwa yotuluka m'chikombolecho, choncho chikombole chikapotoka njerwa zonse zipotoka. Tikaiwala kumuuza kuti ana ena amalipiriridwa ndi mabungwe, enanso makolo awo amalipira mwapang'onopang'ono nsomba zikagwidwa, pulogalamu idzawalemba kuti ali ndi ngongole, ndipo mwana adzabwezedwa kunyumba wosalakwa. Zoterezi amazidziwa bwino ndi kalaliki wa muofesi. Iyeyo akhale limodzi ndi wolembayo kuyambira tsiku loyamba, asadzangoitanidwa kudzaphunzitsidwa zonse zitatha.

A Baobab Health atayamba ntchito yawo mu 2001 pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, anayambira pa kulembetsa odwala. Gawo la mankhwala a ma ARV linadza m'zaka zotsatira. Nafenso tiyambe ndi malisiti a fizi okha. Akayenda bwino teremu yathunthu, tidzalipire gawo la malikisi.

Ku madrasa tinaphunzira za istisna, pangano loitanitsa chinthu chimene sichinapangidwe, monga timachitira kwa mmisiri wokhoma boti. Ma ulama amati chinthucho chifotokozedwe momveka ndipo mtengo wake udziwike, ndipo ayah 282 ya Surah Al-Baqarah imatilamula kulemba ngongole pamaso pa mboni. Kuti wolembayo timaswali naye Jumu'ah si chifukwa chosiyira kulemba.

M'panganomo mulembedwe kuti khodi ya pulogalamuyo ndi ya sukulu, kuti wina adzathe kuikonza iye akapita ku Joni, kuti izigwira ntchito netiweki ikasowa, komanso amene aziloledwa kuona mbiri za ana. Buku la malisiti lisatayidwe msanga. Teremu yoyamba, insha Allah, kalaliki aziyerekeza ziwirizi Lachinayi lililonse, ndipo komiti iziona pamene zasiyana.