Nzeru za Pakhonde Sizitanthauza Kukhala Chete

Dzina lakuti Stoic linachokera ku liwu la Chigiriki lakuti stoa, lomwe limatanthauza khonde. Cha m'ma 300 Khristu asanabadwe, Zeno wa ku Citium, pachilumba cha Cyprus, ankaphunzitsa pakhonde lalitali lokhala ndi zojambula, m'mphepete mwa msika wa mzinda wa Athens. Omutsatira anatchedwa anthu a pakhonde. Lero nzeru zawo zabweranso kudzera pa YouTube ndi m'timauthenga ta pa WhatsApp, koma zafika zitapunguka. Ambiri akuzimva ngati malangizo akuti mwamuna salira, wanzeru amangomeza mavuto. Ngozi yake ndi yakuti munthu woponderezedwa angaphunzitsidwe kutcha kugonja kwake nzeru.

Epictetus, mphunzitsi wotchuka wa nzeruzi, anakula ali kapolo ku Rome, m'nyumba ya Epaphroditus, mlembi wa mfumu Nero. Atamasulidwa anayamba kuphunzitsa, ndipo mfumu Domitian itathamangitsa anthu anzeru mumzindamo, iye anakakhazikika ku Nicopolis. Zimene ankanena anazilemba ndi wophunzira wake, Arrian. Phata la chiphunzitso chake ndi kugawa zinthu pawiri. Maganizo, zokhumba ndi zosankha za munthu zili m'manja mwake. Thupi, chuma, mbiri ndi udindo zimadaliranso anthu ena ndi mwayi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mnyamata womaliza sukulu yaukachenjede amene watumiza makalata ambirimbiri ofunsira ntchito sangalamule bwana kuti amuyankhe. Chimene angalamule ndi kalembedwe ka kalata yotsatira ndi mmene akonzekerere mafunso. Pamene ndalama ya kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mayi wogulitsa zitenje pamsika analibe chonena pa chigamulocho. Kuwerengera mtengo watsopano ndi kukana kunamiza wogula kunali kwake.

Chisokonezo china chagona m'mawu. Anthu a pakhonde ankafunafuna chimene ankachitcha apatheia. Chingerezi chinatenga liwuli n'kulipatsa tanthauzo la mphwayi, pamene iwo ankanena za mtima wosakokedwa ndi mkwiyo, mantha kapena dyera. Pa makhalidwe anayi amene ankawalemekeza, chilungamo chinaima pamodzi ndi nzeru, kulimba mtima ndi kudziletsa. Marcus Aurelius, amene analamulira Rome kuyambira 161 mpaka 180, analemba malingaliro ake ali m'misasa ya nkhondo, mliri uli mkati, ndipo sanatule udindo pansi kuti akapeze mtendere kwayekha. Motero wantchito amene sanalandire malipiro kwa miyezi itatu sauzidwa ndi nzeruzi kuti apirire. Amauzidwa kuti asonkhanitse umboni, akadandaule ku ofesi yoona za apantchito, alankhule mosalalata ndiponso mosanjenjemera. Chigamulo sichili m'manja mwake, koma kupita kukadandaula kuli m'manja mwake.

Otsutsa ali ndi mfundo yomveka. Seneca, amene analemba zopeputsa chuma, anali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri ku Rome, ndipo n'chapafupi kunyoza ufa pamene nkhokwe ili yodzaza. Komanso kuuza namfedwa pasiwa kuti imfa si choipa ndi nkhanza. Mwambo wolira pamodzi ndi kuchezera usiku pamaliro umadziwa china chake chimene mabuku a pakhonde sanachifotokoze mokwanira. Nzeruzi n'zoti munthu azidzifunsa nazo yekha, osati mkwapulo wokhalitsira chete amene akumva kuwawa.

Zikagwiritsidwa ntchito motero, phindu lake limaoneka. Albert Ellis ndi Aaron Beck, amene anayambitsa njira zothandizira anthu ovutika maganizo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, anavomereza kuti anatengera mfundo ya anthu a pakhonde yakuti chimene chimasautsa munthu kawirikawiri ndi mmene waweruzira chochitika. Wotukwanidwa pagulu la WhatsApp akhoza kuika foni pansi mpaka m'mawa, n'kudzifunsa ngati mawuwo ali oona. Ngati ali oona, akonze. Ngati ali abodza ndipo akuwononga dzina la mnzake, ayankhe mofatsa, chifukwa kuteteza mnzake ndi gawo la chilungamo.