Za Ziweto: Musadikire nkhuku ivale jekete

Kodi nkhuku zathu kuno ku Lulimile ziyenera kuonedwa kangati ndi alangizi a ziweto? Yankho ndi lakuti katatu pa chaka, ngakhale zikuoneka zathanzi.

Chifukwa chake ndi chitopa, matenda amene azungu amati Newcastle. Matendawa alibe mankhwala. Nkhuku ikagwetsa mapiko ngati yavala jekete, nkumatsegula m'mimba zobiriwira ndi kupinda khosi, dziwani kuti mwachedwa kale. Khola lonse lingathe kutha m'masiku owerengeka.

Katemera wa I-2 amateteza kwa miyezi inayi yokha. N'chifukwa chake muno m'Mozambique kutemera kumachitika mu Marichi, Julaye ndi Novembala. Ndi dontho limodzi m'diso, kwa anapiye, misoti ndi atambala omwe. Yodwala kale satemera. Mukadumpha ulendo umodzi, nkhuku zimakhala miyezi inayi zopanda chitetezo.

Pakati pa miyeziyi ntchito ndi yanu eni ake. Kamodzi pa sabata gwirani mbalame iliyonse, nkhunda zomwe. Onani m'maso, kukhosi ndi kunsi kwa mapiko ngati muli utitiri kapena nthata, ndipo sesani m'khola. Mbalame imabisa matenda, koma ikapepuka m'manja kapena kusiya kudya, thamangirani kwa alangizi tsiku lomwelo. Nkhuku yogula ku msika wa Lichinga muiike payokha masabata awiri musanaiphatikize ndi zinzake.

Funsani a mfumu kapena alangizi tsiku limene otemera adzafike kwanu. Safunsa anadya phula.